Tinkati Wakhazikika

Njingayo anabwera nayo Lolemba m'mawa, ine ndili pa makina ndikusoka mayunifomu a sukulu. Mlamu wanga Wailesi, mng'ono wake wa malemu mwamuna wanga, anaikankha mpaka mushopu momwe n'kuitsamiritsa pa tebulo lodulirapo nsalu. Inali yofiira, penti ikununkhabe, ndipo molumikiza zitsulo munkaoneka kuti wawotcherera yekha. Ntchito yake ndi imeneyo: mageti, mawindo, mabedi achitsulo.

"Ya Kanyenje iyi," anatero.

Kanyenje ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu. Ndinaimirira n'kuima pambali pa njingayo. Chishalo chinkandifika m'chiuno.

"Alamu, mwana wake uti? Timiyendo tija simukutidziwa? Imeneyi adzaikwera ali ndi zaka khumi."

"Adzakula nayo."

Ndinadikira kuti apitirize, chifukwa dzina la Wailesi sanalitole pamsewu. Munthuyu akayamba nkhani tiyi amazizira m'kapu, ndipo mkulu wake ankakonda kumugwiragwira kumbuyo kwa khutu, ati akufunafuna batani lozimitsira. Koma tsikuli anangoima chilili, malaya osita, ndevu zometa, zikhadabo zopanda mwaye. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wa kunyumba kwanga, amene ndinamupatsa chaka chatha kuti azitha kukonza zowonongeka ine ndili kuntchito. Anamuika pambali pa sizasi.

"Mpopi uja sukudonthanso. Loko wa kuchipinda ndasintha Loweruka. Mwandisunga bwino, alamu. Zikomo pa zonse."

"Muli pa ulendo?"

"Ayi. Kungothokoza basi."

Anamwetulira mofatsa n'kutuluka. Ine, chitsiru cha mkazi, ndinakhalanso pansi n'kusoka kolala imodzi yathunthu, ndikuganiza kuti njinga yonseyi ndikaisunga pati. Pakati pa kolala yachiwiri phazi linaima lokha pa chopondera. Kumwetulira kumeneko ndinali nditakuonapo, pa nkhope ina yofanana ndi imeneyo, tsiku limene mwamuna wanga anabwera ndi nsapato.

Pagulu ndinkamutchula kuti abambo a Kanyenje, koma anthu onse ankamudziwa ndi dzina loti Gologolo. Ankakwera nsanja za mafoni, kumanga ndi kumasula zida pamwamba penipeni, pamene munthu amaoneka ngati kadontho. Ena amakwera nsanja chifukwa cha njala. Iye ankakwera chifukwa chokukonda, ndipo akatsika ankafunanso china chokwera. Tsiku lopuma linali lovutitsa kuposa la ntchito. Ankadzuka n'kunena kuti wamva za mathithi ena ake amene palibe amadziwa njira yake, kenako njinga yamoto ija yalira, mwamuna wapita. Titangokwatirana ananditenga kuti tikaone phanga la mileme. Tinasochera tsiku lonse, ine ndikulira ndi kumutukwana, iye akuseka kuti tapeza malo abwino kuposa phangalo. Mwana ali ndi miyezi isanu anamumangirira pachifuwa ndi lamba wa kuntchito n'kukwera naye phiri, ati aone dziko akadali wamng'ono, asadzaliope.

Ndinkamukonda mpaka kupsa naye mtima. Tsiku ndi tsiku ndinkamuimbira nyimbo imodzi: uli ndi mwana tsopano, khala pansi, ukufuna ndikhale wamasiye ndili mtsikana? Iye ankandiyankha ndi mawu ake omwewo, kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Apongozi anga, amayi ake, ankandithandiza kumudzudzula. Pa nkhani iyi yokha ndi pamene ine ndi iwo tinkagwirizana.

Ndiye chaka china anayamba kukhala pansi. Loweruka lina sanapite kulikonse, lotsatira chimodzimodzi. Njinga yamoto inayamba kuchita fumbi pakhonde. Anapempha kuntchito kuti azikhala pansi kugwira chingwe, anzake azikwera. Akaweruka ankabwera molunjika kunyumba, n'kukhala pampando wa pawindo, mwana akusewera pamapazi pake. Ankagona msanga, kudzuka mochedwa, kudya pang'ono. Ndikamufunsa ankati watopa, ndipo ine ndinkati inde, wayenda mokwanira, puma.

Mukudziwa chimene tinachita? Tinasangalala. Apongozi anabwera kudzandigwira chanza, ati mwamuweta mwana wanga, mwachita zimene ine zinandikanika. Ine ndinkauza anzanga kushopu kuti bambo akunyumba akhazikika, akula tsopano. Atagawira anzake zingwe, malamba ndi nsapato zake zokwerera mapiri, ndinaphika ngati kwabwera alendo. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ine ndinadala madzi ali m'khosi mwa mwamuna wanga. Miyezi isanu ndi iwiri munthu akuzima pamaso panga, ine ndikuombera m'manja.

Mlungu wake womaliza anasintha. Anameta ndevu, anakonza chitseko cha kabati, anakhoma shelefu imene ndinakhala ndikuipempha zaka ziwiri. Anabwera ndi nsapato za mwana mapeyala atatu, iliyonse yaikulu kuposa inzake. Ndinaseka kuti kodi masitolo akutseka? Anamwetulira mofatsa n'kunena kuti adzakula nazo. Patapita masiku anayi anadzichotsa moyo, ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Apongozi anauza anthu kuti anadwala mwadzidzidzi. Ine ndinavomereza, chifukwa zinali zopepuka pakamwa. Chaka ndi miyezi inayi tonse takhala tikunena zomwezo, mpaka nthawi zina ndinkaiwala kuti ndi bodza.

Ndinatuluka mushopu tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali pa bulauzi. Mnzanga amene timasoka limodzi anandifunsa kumene ndikupita, ndipo ndinangomuuza kuti ndikachedwa akanditengere mwana kusukulu. Mumsewu ndinayang'ana uku ndi uku. Ogulitsa makala, mayi wa nthochi, galimoto yotsitsa simenti, koma malaya osita aja panalibe. Ndinamuimbira foni Wailesi. Inali yothima.

Kumene amagwira ntchito ndi kuseri kwa msika, mu shedi ya malata yopanda khoma kutsogolo. Ndinadumpha zingwe za magetsi zoyala pansi ndi mulu wa mapaipi. Makina opala zitsulo ankalira, nthethe zikuuluka. Abwana ake, bambo wachikulire wa diso limodzi lofiira, anazimitsa makinawo atandiona.

"Mlamu wanu wapempha tchuthi cha lero," anatero. "Ndamupatsa ndi mtima wonse. Mayi, mnyamata uja wasintha. Kale ndinkachita kumuthamangitsa kuti asiye nkhani agwire ntchito. Pano ziii, mutu pansi, geti latha. Wakhwima."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi inayi, isanu. Taonani pamalo pake."

Tebulo lake lachitsulo linali lopukuta. Nyundo, mapulayala ndi timacheka zinali zopachika mwa msinkhu wake. Pa msomali wa chigoba chophimba kumaso panalibe kanthu.

"Chigoba chapita kuti?"

"Wapatsa mnzake uyo. Ati chake chinasweka galasi. Mtima wabwino."

Ndikanakhala ndi nthawi ndikanawagwira pakhosi bambowo, ngakhale sanalakwe chilichonse chimene ine sindinalakwepo. Ndinangowauza kuti akamuona asamulole kuchoka, amukhazike pansi ngakhale momumanga, ndipo andiimbire. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma nambala analemba ndi choko pa chitseko cha kabati.

Wailesi amakhala ndi amayi ake, mu kachipinda ka kuseri. Ndinakwera njinga yamoto ya hayala, ndikumumenya woyendetsayo pamsana kuti athamange. Ndinawapeza apongozi pakhonde akuyanika makatani.

"Amake Kanyenje, kwagwanji? Mwana ali bwino?"

"Mwana ali bwino, amayi. Alamu ali kuti?"

"Watuluka m'mawa. Lero wandiphikira tiyi yekha, n'kukhala nane mpaka ndamaliza. Makatani awa wanditsitsira ndi iye." Ankalankhula monyadira. "Ana anga amachedwa kukhwima, koma akakhwima amakhwimadi."

Sindinapemphe chilolezo. Ndinadutsa pabalaza mpaka kuchipinda chake n'kukankha chitseko. Chipinda chimene kale unkalowa ukukankha zitsulo ndi masokosi ndi phazi chinali chosesa mpaka pansi pa bedi. Bulangete lopinda, zovala zosanja mu katoni, kawailesi kake kakang'ono katakulungidwa chingwe. Pakhoma panatsala misomali inayi pamene panali chithunzi cha iye ndi mkulu wake.

"Amayi, bwerani muone."

"Ndaona kale. Ukhondo ndi mlandu?"

"Abambo a Kanyenje anachita chimodzimodzi. Kusesa, kukonza, kugawa katundu, kuthokoza anthu. Mwaiwala?"

Nkhope yawo inauma. "Musandilaule m'nyumba mwanga. Mwana wanga uja anadwala."

"Anadwaladi, koma si matenda amene timauza anthu. Anadwala maganizo miyezi isanu ndi iwiri, inu ndi ine tikuvina. Anadzipha, amayi. Ndipo uyu watsalayu akutsata njira yomweyo, lero lomwe lino."

Anakweza dzanja, ndipo ndinaganiza kuti andimenya. Sindinasunthe. Dzanjalo linatsika n'kugwira chitseko.

"Mwapenga inu," anatero motsitsa.

"Wamisala anaona nkhondo. Mundiuze kumene wapita."

Anakhala pa bedi la mwana wawo, kunyowa kwa makatani kudakali m'manja. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi okalamba. "Mukuganiza kuti sindikuona?" anatero. "Ndimamumva akuyendayenda m'chipinda muno. Chakudya amapatsa galu. Koma ndatsala ndi mmodzi yekha. Ndimaopa kuti ndikachitchula chinthucho, chimva kuti ndachiitana."

"Chinabwera kale osachiitana. Wanena kuti akupita kuti?"

"Sananene."

Ndinaima pakati pa chipindacho. Tauni yonseyi, misewu yonseyi, ndiyambira pati? Ndinadzikakamiza kukumbukira tsiku lomaliza la Gologolo, tsiku limene ndakhala ndikulithawa chaka chonse. M'mawa anapita kwa amayi ake. Kenako anadutsa kuntchito kukapereka moni. Masana anabwera kushopu kwanga, n'kukhala pa mpando wa makasitomala akundiyang'ana ndikusoka. Pomaliza anakatenga mwana kwa mayi womulera, n'kumuyendetsa paphewa msewu wonse. Wailesi anali atamaliza amayi ake, abwana ake ndi ine. Anatsala ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo amaweruka sukulu 12 koloko.

Nthawi inali itadutsa 11. Ndinawauza apongozi kuti akhale pafoni, n'kuthamanga. Panalibe njinga ya hayala pafupi, choncho ndinadula njira ya kuseri kwa chigayo, kudumpha ngalande, nsapato imodzi n'kuduka lamba. Ndinaivula n'kunyamula zonse m'manja. Njira yonse ndinkalankhula ndi mwamuna wanga ngati ali pambali panga. Ndinamutukwana kuti taona zimene watisiyira. Ndinamupempha kuti ngati kumene aliko amamva, amugwire mng'ono wake malaya mpaka ndifike.

Wailesi ndinamuona ndili patali. Anakhala pa kalavati tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi geti la sukulu, kapaketi ka maswiti kali pa bondo. Ndinawoloka msewuwo. Ndinakhala pambali pake, ndikupuma ngati galu.

"Alamu, nsapato zatani?" anafunsa.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, onse ozungulira: mukuoneka otopa, kodi pali chimene chikukuvutani, mukudziwa kuti timakukondani. Mawu omwewo ndinamuuzapo mkulu wake, ndipo onse anali ndi khomo lothawira. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa mafunso oti munthu ayankhe kuti ndili bwino.

"Alamu, ndiyang'aneni. Mukufuna kudzipha?"

Mawuwo anatuluka aukali, ngati ndikumuimba mlandu wakuba. Mayi wina wogulitsa mandimu pafupi anatembenuka. Wailesi anayang'ana geti, anayang'ana maswiti, n'kuyamba kusalaza kapaketiko ndi chala. M'kalasi ina ana ankawerenga manambala mokweza, ndipo anafika pa makumi awiri iye asanayankhe.

"Eya," anatero.

"Liti?"

"Ndimati ndimuone kaye mwanayu."

Ndinamugwira mkono ndi manja onse awiri.

"Chifukwa chiyani simunanene?"

"Ndinene kwa ndani? M'nyumba mwathu munthu amafa ndi matenda adzidzidzi." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ine ndinkadziwa, alamu. Akulu anandiuza."

"Anakuuzani chiyani?"

"Kutatsala miyezi iwiri kuti amwalire. Anabwera kushedi nthawi ya nkhomaliro, tinakhala pa mapaipi. Anati, mphwanga, m'kati mwangamu mwazima. Ndikakwera pamwamba sindimvanso kalikonse, ndikanyamula mwana sindimvanso kalikonse, ndipo ndikuopa. Ine mukundidziwa pakamwa panga. Ndinawauza kuti akusowa ulendo basi, ndinawaseka kuti ukwati wawathena mapiko. Anaseka nawo. Ponyamuka anati ndisakuuzeni."

"Ine? Chifukwa?"

Anazengereza, koma ndinamufinya mkono.

"Anati, mlamu wako sindinamuonepo ali wosangalala chonchi. Akuti ndakhazikika. Musiye asangalale."

Ndinangowerama, chipumi chili pa mawondo, pamsewu, masana, anthu akudutsa. Chaka chonse ndinkadziimba mlandu woti sindinaone. Sindinkadziwa kuti mwamuna wanga anaona chimwemwe changa n'kuchiyesa khoma loti asaligumule. Ndinamukwiyira, ndinadzikwiyira, ndipo ndinamusowa kwambiri.

"Ndiye mukuona," anatero Wailesi. "Anabwera kwa ine, ine n'kumupatsa nthabwala. Chiyambire pamenepo ndikatsegula pakamwa ndimamva kununkha."

Ndinadzuka n'kupukuta kumaso ndi tepi yomwe ija, poti ndi imene inali pafupi. "Tonse tinamupatsa zolakwika. Inu nthabwala, ine chakudya chaphwando, amayi pemphero lothokoza. Mukafa inu, palibe chimene chibwezedwe. Ndingokhala ndi mabodza awiri oti ndizimuuza mwana uja. Dzukani."

"Tipite kuti?"

"Kuchipatala. Maswitiwo mudzamupatsa madzulo, pamaso panga."

Sanakane, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanakana. Anayenda pambali panga ngati mwana wotengedwa kukameta. Tinachoka belu lisanalire. Ndinaimbira mnzanga wa kushopu kuti atenge Kanyenje, kenako apongozi. Nditawauza kuti ndamupeza ali moyo, ndinangomva foni ikugwa pansi.

Pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu tinakhala pa benchi pakati pa amayi a makanda ndi bambo wina womanga bandeji kuphazi. Aliyense anali ndi matenda ooneka. Titalowa, nesi anafunsa chimene chikumupweteka, ndipo Wailesi anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine, mosazungulira. Nesiyo anaika cholembera pansi, anatseka chitseko, n'kukokera mpando wake pafupi. Analankhula naye nthawi yaitali, ine nditatuluka panja. Atandiitananso anandiuza kuti awa ndi matenda ngati ena onse, ali ndi mankhwala ndi uphungu, ndipo anthu amachira. Koma dokotala wa za maganizo amabwera Lachinayi lokha. Anatilembera kuti tidzakhale oyamba, anandipatsa nambala yake ya foni, n'kundiuza kuti asakhale yekha ngakhale pang'ono, ndipo zikafika poipa tithamangire kuchipatala chachikulu nthawi ina iliyonse.

Tinatuluka dzuwa likuswa mtengo. Lolemba masana. Ndinawerenga pa zala: Lachiwiri, Lachitatu, ndiye Lachinayi. Mwamuna wanga ndinamutaya pa maola awiri okha amene ndinapita kukagula ulusi.

"Mukagona kwathu," ndinatero. "Pabalaza. Amayi abweranso, tizisinthana. Kushopu muzipita nane, muzikandidulira ulusi. Koma ndilonjezeni chinthu chimodzi. Mpaka Lachinayi."

Anapukusa mutu. "Sindingalonjeze, alamu."

"Masiku atatu okha."

"Ndikalonjeza ndikhala ndikukusangalatsani basi. Mukufuna zimenezo?"

Sindinkazifuna. Koma ndinkafuna chinachake choti ndigwire, ndipo m'manja munalibe kanthu koma nsapato zija.

"Nanga nditani? Ndiuzeni, nditani?"

"Muzindifunsa," anatero. "Monga mwandifunsira paja, osakometsa. Mukandifunsa choncho ndikuyankhani zoona. Zokhazo ndiye ndingathe."

Tinakwera minibasi, iye pawindo, ine kumbali ya khomo kuti asatsike ndisakudziwa. Munali modzaza, wina atanyamula matayala, mwana wina akulira kumbuyo. Tisanafike pa siteji yachiwiri ndinaona kuti maso ake apitanso kutali.

"Alamu, maganizo ofuna kufa aja alipobe?"

Bambo wa kutsogolo kwathu anatembenuka, kondakitala anasiya kuitanira. Sindinasamale.

"Alipo," anayankha.

"Pano pomwe?"

"Pano achepa pang'ono. Mudzandifunsenso tikatsika."

Ndinakulunga mkono wa malaya ake pa zala zanga mpaka zinachita dzanzi. Titatsika ndinamufunsanso.